Pawindo la Ejenti ku Bembeke

Lolemba, kumayambiriro kwa Juni 2025

Amalume andipatsa mafoni awiri, kope la mizere, bolopeni yomangirira ku ulusi ndi kachikwama kovala m'chiuno. Akuti zida za ejenti ndi zomwezi, zotsalazo ndiphunzirira pawindo. Kanyumba kathu kali pafupi ndi pamene msewu wa ku Bembeke umapatukira mu M1. Chisanu cha mwezi uno chimaumitsa zala, moti usanadine *211# kapena *444# m'mamawa umayamba wauzira m'manja.

Phunziro la lero ndi floti. Ndalama za ejenti zili pawiri: zamapepala za m'kachikwama, ndi za m'foni zimene timati floti. Munthu akabwera kudzaika K20,000 amandipatsa mapepala, ine n'kumukankhira K20,000 kuchoka pa floti yanga. Akabwera kudzatapa, iye ndiye amakankhira kwa ine, ine n'kumuwerengera mapepala. Madzulo ukaphatikiza ziwirizi ziyenera kufanana ndi zomwe unatsegulira m'mawa. Phindu sililowa m'kachikwama, limabwera padera ngati komishoni yomwe kampani imatiwerengera. Amalume anenetsa kuti ndisatulutse ndalama uthenga usanalowe m'foni yanga. Uthenga wa m'foni ya kasitomala, ati, munthu atha kudzilembera yekha.

Potseka ndawafunsa chomwe chandizunguza tsiku lonse. "Amalume, mayi akaika ndalama pano, ine n'kupereka mapepala omwewo kwa wina wodzatapa, ndalama za mayi aja zili kuti?"

"Zili ku kampani," atero uku akukhoma windo. "Iwe uzingoona kuti kope likugwirizana."

Tsiku la msika

Mbatatesi yatuluka. Malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre andanda m'mbali mwa msewu, ndipo mavenda ambiri analeka kuyenda ndi mipukutu ya ndalama m'masokosi. Akagwirizana mtengo amatumiza pafoni ya mlimi, mlimi n'kuwoloka msewu kubwera kwa ife. Dzuwa lisanafike pamutu mapepala anali atatha psiti, floti itadzaza.

Apa ndaona kuti ndalama za pafoni m'dziko muno zimayenda molowera mbali imodzi. Anzathu a ku Ndirande kapena ku Area 25 amalandira mapepala kwa anthu otumiza kumudzi, ndiye iwo imawathera ndi floti. Ife a kumudzi timatherwa mapepala. Kuti tipitirize ntchito, amalume akwera minibasi kupita ku banki pa boma kukasintha floti kuti ikhale mapepala. Ndalama yokwerera yadya komishoni ya m'mawa wonse, osawerengera mantha obwerera nazo ndalamazo pamsewu. Pepala lalikulu kwambiri ndi la K5,000 lomwe linatuluka mu 2022, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama za matumba ochepa chabe zimakhala mtolo woti uwerenge mpaka malovu kuuma.

Pamene timadikira amalume, ndinauza bambo wina wachikulire kuti atha kusiya zina m'foni, adzalipirire feteleza pafoni pomwepo. Anandiyang'ana mwachifundo.

"Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Aganyu akundidikira kumunda. Wangolo akundidikira. Kuchigayo ndikapereke foni?"

Ndinalibe choyankha. Onse amene anawatchulawo amafunadi mapepala.

Lamlungu

Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku banki ina pa boma anabwera kudzaona agogo, ndipo ndinamupanikiza ndi funso langa lija titakhala pamoto. Anayamba wandiseka kaye, kuti sabata yomweyino ndayamba kale kufunsa za a bwanamkubwa a Banki Yaikulu. Kenako anafotokoza, ndipo ndikulemba msanga ndisanaiwale.

Kwacha iliyonse yooneka m'foni ya munthu, kuphatikizapo floti yathu, iyenera kukhala ndi inzake yeniyeni yosungidwa ku banki, mu akaunti yapadera yomwe kampani imangoisunga m'malo mwa eni ndalama. Kampani siloledwa kutengamo kuti imangire nsanja ya netiweki kapena kulipirira antchito ake. Siloledwanso kuzikongoza. Ndiye chifukwa chake ngongole za pafoni, monga Kutchova, kumbuyo kwake kumakhala banki, pakuti wokongoza ndalama amafunika chiphaso china. Ndalama za mayi aja, tsono, sizili m'kachikwama kanga, sizilinso m'thumba la kampani. Zinalowa ku banki tsiku lomwe amalume anagula floti, ndipo chimene chimasuntha pawindo langa ndi dzina la mwini wake basi.

Amene amayang'anira zonsezi ndi Banki Yaikulu, Reserve Bank of Malawi. Mbali ya ndalama inapatulidwa kuchoka ku mbali ya mayunitsi ndi kuimba foni, n'kukhala makampani apaokha, Airtel Mobile Commerce Limited ndi TNM Mpamba Limited, kuti mabuku awiriwa asasakanikirane. Ndalama zosungidwa ku banki zija zimabereka chiwongoladzanja, ndipo malamulo amati gawo lalikulu libwerere kwa eni ake. Amalume atamva izi anaseka, chifukwa timauthenga ta ndalama zochepa timene timalowa nthawi zina iwo ankati ndi mphatso ya kampani. Si mphatso ayi, ndi zako.

Zaka zake ndi zomwe zandiganizitsa. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Nthawi imeneyo Banki Yaikulu inali ndi malangizo chabe omwe inatulutsa mu 2011. Lamulo lenileni lodutsa ku Nyumba ya Malamulo, Payment Systems Act, linabwera mu 2016, ndipo malamulo atsatanetsatane a ndalama za pafoni anafika mu 2019. Ku Kenya zinayendanso choncho: M-Pesa inayamba mu 2007 banki yaikulu ya kumeneko itangopereka kalata yonena kuti sikuletsa, lamulo n'kudzabwera mu 2011. Msuweni akuti umenewu si ulesi, pakuti sungalembe lamulo la chinthu chomwe sunachione chikuyenda, ndipo akanayamba ndi kuletsa bwenzi lero tikutumizabe ndalama kudzera kwa kondakitala wa basi. Ndikumuvomereza. Koma ndikuonanso kuti lamulo limeneli linalembedwa poopa tsoka lalikulu, loti kampani igwe ndi ndalama za anthu mamiliyoni. Tsoka limenelo analitchingadi bwino. Matsoka amene ndikuwaona pawindo ndi ang'onoang'ono, a munthu mmodzimmodzi.

Lachitatu

"Muikepo ndi yotapira." Mawu amenewa ndawamva lero mpaka m'makutu kuwawa. Wogulitsa nyemba, wa kabaza, ngakhale mwini golosale amene anapachika nambala ya bizinesi pakhoma, onse amafuna uwatumizire pa nambala yawoyawo n'kuwonjezerapo ndalama yoti akatapire. Mu 2019 Banki Yaikulu inalamula kuti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira malipiro osagwira mapepala. Nambala anapachikadi, lamulo analimvera. Koma mwini golosale amakaoda katundu kwa munthu wofuna mapepala, ndiye ndalama iliyonse yolowa m'foni mwake imathera pawindo lathu.

Pali chimodzi chomwe lamulo linakonza ndipo anthu saliyamika n'komwe. Amalume akuti kale wa Airtel ndi wa TNM anali ngati a maiko awiri, ndipo anthu ankatapa kuno n'kukaika uko, kulipira kawiri. National Switch inayamba mu 2015 polumikiza makina a mabanki, ndipo mu 2017 Banki Yaikulu inalamula kuti onse opereka ntchito za malipiro azilumikizana. Lero mphunzitsi wa kumtunda kuno amakoka malipiro ake ku banki ndi *626# kapena *247# kulowetsa m'foni, n'kutumizira mayi ake pa netiweki ina, asanadzuke pampando. Makampani opikisana sakanachita zimenezi mwa okha.

Loweruka

Tsiku lolemetsa.

Lamulo limati ndidziwe amene ndikumuthandiza. Chiyambi chake ndi kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, pamene National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni. Kenako mu 2018 MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, yosalembetsa n'kutsekedwa. Palinso Financial Crimes Act ya 2017 yofuna kutseka njira za ndalama zakuba. Zonsezi zikafika pa Bembeke zimasanduka chiganizo chimodzi chotuluka m'kamwa mwanga: "Ndione nawo chiphaso." Kunena zimenezi kwa mlendo wa pa lole n'kosavuta. Kunena kwa mayi amene anandibereka kumbuyo ndili khanda, lilime limalemera. Mmodzi wandiyankha kuti, "Iwe, wayamba liti kusandidziwa?" Anthu pamzere n'kuseka.

Koma chandisautsa kwambiri ndi agogo ena ochokera kuseri kwa phiri. Foni anaikulunga pansonga ya chitenje. Atamasula anandipatsira pawindo, n'kutchula PIN yawo mokweza, anthu onse akumva. Malangizo a kampani ndi omveka: ejenti asadziwe nambala yachinsinsi ya kasitomala, asagwire n'komwe foni yake podina. Ndinawabwezera foni kuti adine okha ine ndikuwauza pokanikiza. Maso awo ndi ofooka, zala zonjenjemera ndi chisanu, ndipo asanamalize nthawi inatha, foni n'kubwerera poyambira. Tinayesanso, chimodzimodzi. Mzere unayamba kung'ung'udza. Amalume anangotambasula dzanja, kutenga foni, kudina, kuwerenga ndalama, agogo n'kuwomba m'manja kuthokoza.

Madzulo ndinawafunsa ngati sakuopa. Anati, "Ukawakaniza apita kwa mnyamata wa patsidya uyo, ndipo iye sadzawauza kuti mwatsala zingati. Ukufuna lamulo kapena ukufuna agogo apite ndi ndalama zawo zonse?"

Sindikugwirizana nawo kwathunthu, koma sindingawatsutsenso. Wolemba lamulo ankaona munthu mmodzi, foni imodzi, chiphaso chimodzi, chinsinsi chimodzi. Kuno foni imodzi ndi ya banja lonse. Simukhadi ya agogo aja inalembetsedwa m'dzina la mdzukulu amene pano ali ku Joni, ndipo tsiku lomwe idzatayike kapena kutsekedwa, wofunika kukaonekera ndi chiphaso ndi mdzukuluyo. Pa pepala ndalamazo ndi zake. Chomwe chikuteteza agogowa si lamulo la 2019, ndi khalidwe la amalume. Khalidwelo ndi labwino, koma palibe amene analiyeza asanawapatse layini ya ejenti.

Ndaganiza zoti okalamba otere ndiziwalowetsa m'kati, akhale pa benchi, tidine pang'onopang'ono mzere ukuthandizidwa ndi amalume. Osachepera PIN isamamveke mpaka kumsewu.

Lachiwiri

"Ndalama ija mutumize pa nambala iyi." Uthenga umenewu palibe Mmalawi wa foni amene sanaulandirepo. Akathyali amauponya kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti pa tsiku lililonse alipo wina amene analonjezadi kutumiza ndalama kwa mnzake.

Lero kunabwera mayi ali wefuwefu, foni ili kukhutu, akuti mwana wawo wa ku sekondale yogonera komweko wagwa, aphunzitsi akufuna ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala. Woimbayo sankafuna kuti adule foni. Amalume anawauza modekha kuti, "Mayi, dulani kaye, muimbire aphunzitsi amene mumawadziwa." Mwana anali m'kalasi, ali bwinobwino. Mayiwo anakhala pansi pakhonde kwa kanthawi, miyendo itawalefuka.

Bambo wina amene anabwera masana analibe mwayi umenewo. Anali atatumiza kale dzulo ndalama ya mbatatesi yonse ya m'dimba, atauzidwa kuti wapambana pa mpikisano koma alipire kaye ya mapepala. Anabwera kwa ife chifukwa windo lathu ndi lokhalo lomwe angalione ndi maso. Ndinawafotokozera njira monga ndinaphunzitsidwira: ayambe kudandaula ku kampani n'kusunga nambala ya dandaulo, akanene kupolisi, ndipo ngati kampani siwathandiza mokhutiritsa atha kupita kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi bwanamkubwa wa Banki Yaikulu yemweyo. Lamulo logwirira mbava za pafoni lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anafunsa kuti ofesi imeneyo ili pati. Nditati ku Lilongwe, anapinda kapepala kaja n'kuika m'thumba la malaya. Ndalama yobedwa pafoni imatapidwa pa mphindi zochepa, pamene dandaulo limayenda masiku. Layini ndi ya MACRA, ndalama ndi ya Banki Yaikulu, mlandu ndi wa apolisi, ndipo woyenda pakati pa maofesi onsewa ndi wobedwa yemweyo, ndi ndalama yake yokwerera.

Apolisi akhala akunena kuti mafoni ambiri otere amaimbidwa kuchokera m'ndende ya Zomba. Funso ndi lakuti, wandende amapeza bwanji simukhadi yolembetsa? Yankho lake likutikhudza ife a ntchito ino. Alipo maejenti amene munthu akabwera kudzalembetsa layini imodzi, iwo amalembetsa zingapo pa chiphaso chomwecho mwini wake osadziwa, n'kugulitsa zinazo. Wakuba akasakidwa, dzina lotuluka ndi la mlimi wosalakwa. Kampani imalipira ejenti pa layini iliyonse yatsopano, boma n'kuyembekeza kuti ejenti yemweyo akhale mlonda wa pachipata. Ntchito ziwirizi zimakokana.

Pobwerera m'kanyumba maso anga anagwera pa kope lathu. Muli maina a anthu, manambala awo, ndalama zomwe anatapa ndi tsiku lake, ndipo limakhala pawindo chotsegula, aliyense wosainira akuwerenga mizere ya anzake. Chaka chatha, 2024, kunabwera Data Protection Act yoteteza mbiri za anthu, woyang'anira wake ndi MACRA. Aphungu ayenera kuti ankaganiza za makompyuta a makampani akuluakulu. Koma wofuna kudziwa amene wagulitsa mbatatesi sabata ino m'mudzi muno safunika kompyuta. Ndadula katoni yophimbira mizere ya pamwamba munthu akamasaina.

Lachisanu

Mvula yowaza ya chiperoni, makasitomala ochepa. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anabisala pakhonde lathu ndipo anakangana ndi amalume za msonkho.

Mu 2019 nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, anaika mu bajeti msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni. Anthu anakuwa, mabungwe monga CAMA anakana, ndipo boma linauchotsa usanayambe. Aphunzitsi aja akuti kunali kulakwa kuuchotsa: ndalama zambiri za m'dziko muno zimayenda kunja kwa mabuku a MRA, ndipo pafoni ndi pokhapo pomwe boma lingazione. Amalume akuti amene amatumiza pafoni ndi wosauka wopanda akaunti ku banki, ndipo walipira kale potumiza ndi potapa. Maiko ena anayesa. Uganda inaika 1 peresenti mu 2018, anthu n'kuchepetsa kutumiza, boma n'kutsitsa kufika pa theka la peresenti, potapa pokha. Ghana inayamba ndi 1.5 peresenti mu 2022, ndipo chaka chino cha 2025 yauthetseratu.

Ine ndili mbali ya amalume, ngakhale ndikudziwa kuti mbali imeneyo ndi ya komishoni yathunso. Boma lomwelo likutiuza kuti tisiye mapepala chifukwa kusindikiza ndalama kumadya ndalama zakunja. Munthu sungamuitanire pakhomo n'kumulipiritsa polowa. Aphunzitsi anachoka akunena kuti nkhaniyi idzabweranso, chifukwa thumba la boma ndi lobooka. Pamenepo sitinawatsutse.

Lolemba, mu Julayi

Ndinaperekeza amalume ku boma, ndipo titamaliza za ku banki tinafika kuchipata cha malire, kumene kutsidya kwake ndi Calómuè. Anthu a ku Angónia ndi ife ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi, mbatatesi imodzi. Ambiri a m'malire amayenda ndi masimukhadi a maiko onse awiri, ya kuno ndi ya Movitel kapena Vodacom, ndipo kutsidyako ali ndi e-Mola ndi M-Pesa zawo. Koma kwacha ikafuna kusanduka metikali imatuluka kaye m'foni, n'kudutsa m'manja mwa anyamata oima pamsewu ndi mipukutu. Lamulo lililonse lomwe ndaphunzira limathera pa chipata chija, pamene malonda sathera pamenepo.

Za ndalama zochokera ku Joni nazo zili ndi mfundo yake. Njira yovomerezeka ilipo, makampani a ziphaso monga Mukuru, ndipo ndalama imafika tsiku lomwelo mosaopa kuti wina athawa nayo. Koma njira yovomerezeka imatsata mtengo wovomerezeka, womwe chaka chino cha 2025 uli cha pa K1,750 pa dola imodzi, pamene pamsika wamdima dola yakhala ikugulidwa mopitirira kawiri pamenepo. Mnyamata wotsuka magalimoto ku Johannesburg amadziwa masamu. Amapereka marandi kwa wamalonda wa ku Malawi amene akufuna kuoda katundu kumeneko, mnzake wa wamalondayo kuno n'kutumiza makwacha pafoni ya mayi ake. Palibe ndalama yawoloka malire, palibe buku lomwe yalembedwa. Mayiwo akabwera pawindo langa, ine ndimangoona ndalama yochokera pa nambala ya ku Lilongwe, chiphaso chili bwino, zonse zili m'malo. Banki Yaikulu ikusowa ndalama zakunja, ndipo ina mwa ndalama zomwe ikusowazo ikudutsa m'manja mwanga itavala kale makwacha. Apa vuto si kuchepa kwa malamulo a pafoni. Bola mitengo iwiri ija italikirane chonchi, anthu adzazemba ndithu.

Lachinayi

Mnyamata amene ndinali naye kalasi limodzi wandionetsa pa foni yake pulogalamu yomwe akuti ukaikamo ndalama imachulukana pa sabata, bola ukope anzako atatu. Amatchula za Bitcoin kuti ndimve kuti ndi zamakono. Banki Yaikulu inanena kale mu 2019 kuti ndalama zoterezi si zovomerezeka kulipirira m'dziko muno, ndipo wolowamo akabedwa alibe kodandaula. Koma khomo lolowera ku pulogalamu yakeyo ndi windo langa: amaika ndalama mwalamulo, n'kuitumiza kwa munthu amene sanamuonepo. Chimodzimodzi anyamata a kabaza amene amaika K500, K1,000 madzulo aliwonse kuti abetche mpira wa ku England. Kubetcha kuli ndi bungwe lakelake loyang'anira. Ine ntchito yanga ndi kulandira, ndipo komishoni ya ndalama ya kubetcha ndi ya ndalama ya fizi n'chimodzimodzi. Mnzangayo ndamuuza maganizo anga. Waika ndithu.

Loweruka, kumapeto kwa Julayi

Amayi a banki mkhonde ya m'mudzi mwathu anandiitana, poti tsopano akuti ndine wodziwa za mafoni. Bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, bokosilo limagona kwa wachinayi. Chaka chikamapita kumapeto limalemera, ndipo nkhani za magulu othyoledwa mabokosi zawaopsa. Funso lawo linali loti, kodi asamutsire ndalama m'foni?

Ndinawauza zomwe ndaphunzira, zokoma ndi zowawa zomwe. M'foni mbala singathyole ndi chikwanje, nyumba ikapsa ndalama sipsa, ndipo kumbuyo kwake kuli ndalama yeniyeni ku banki yomwe Banki Yaikulu imaiyang'anira. Koma akaika pa layini ya msungichuma, maloko atatu aja asanduka PIN imodzi, ndipo pamaso pa lamulo ndalama za gulu lonse ndi za mayi mmodziyo. Atamwalira, kapena amuna awo atatenga foni, gulu lilibe pepala loonetsa. Pali malire a ndalama zomwe akaunti ya munthu wamba ingasunge ndi kutulutsa pa tsiku, ndipo tsiku logawana adzafunika yotapira yambiri, komanso ejenti wokhala ndi mapepala okwanira, yemwe pa Bembeke pano ayenera kuuzidwiratu.

Mayi wina anati agawane PIN, wina adziwe manambala awiri oyamba, wina awiri omaliza, foni izisungidwa ndi wachitatu. Anzake anaombera m'manja. Nzeru imeneyi ndi ya bokosi lomwe lija, ndipo ikutseka bowo limodzi, koma dzina la pa simukhadi likhalabe la munthu mmodzi, yemwe atha kupita yekha ndi chiphaso chake kukatenga simukhadi ina n'kusintha PIN. Nditanena zimenezi msungichuma anakwiya pang'ono, kuti kodi ndikumuyesa wakuba. Apampando anamukhazika mtima pansi: "Sakunena inu, amake mwana. Akunena za mawa."

Agwirizana kuti ndalama ya ngongole za sabata ndi sabata ikhalebe m'bokosi, yochuluka ipite ku akaunti yolembetsedwa m'dzina la gulu, yosainira anthu angapo. Andituma kuti Lolemba, popita ndi amalume kukasintha floti, ndikafunse ku mabanki ndi ku ofesi za makampani a mafoni zomwe gulu liyenera kubweretsa, ndiponso mtengo wotulutsira ndalama tsiku logawana. Mlembi wandipatsa malamulo a gulu olembedwa pamanja kuti ndikawajambulitse, ndipo apampando apita kwa amfumu mawa kukapempha kalata.